Zolozera za Mayi Nachisale

Atsikana inu, senderani kuno, sonkhezani mbaulayo, nkhani iyi sindingagone nayo! Zatheka! Ndamva ndi makutu angawa a hedi akuuza aphunzitsi a masamu kuti teremu ikubwerayi tiyamba kuphunzira Nsungwi, chinenero cha kompyuta chija cha m'Chichewa, choti ukalemba kuti "bwereza kasanu" kompyuta n'kubwerezadi kasanu. Ife! Sukulu yathu ino! Koma musanayambe nthungululu ikani kaye pambali chimanga mukukazingacho, chifukwa zimene anaona msuweni wanga Mwandida kuti Nsungwi ifike kuno sizimveka bwino m'kamwa muli chakudya.

Mwandida amagwira ntchito ku Zomba, m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo yogulitsa misomali ndi penti. Amene anayambitsa Nsungwi ndi mayi Nachisale, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo anailemba zaka zisanu ndi ziwiri. M'kati mwa khodi, ndiye kuti malamulo ambirimbiri amene amayendetsa chinenerocho, ankasiyamo ndemanga, mawu amene kompyuta imangowadumpha, olembera munthu wobwera m'mbuyo. Ankalemba ngati ali nawe pompo. "Apa ndinalakwitsapo kawiri, musathamange." Pena: "Mukadabwa chifukwa chimene ziro ndamupatulira, onani fayilo ya manambala, gawo la kugawa."

Mizere ya "onani" imeneyi ankaitcha zolozera. Tsiku loyamba Mwandida kulowa ntchito anamufunsa kuti, "Unayamba wapitako kunkhuni kuphiri, anzako atatsogola?"

"Eya, mayi."

"Pamphambano otsogola amatani?"

"Amaponya masamba aawisi panjira yolakwika, kapena kulembapo mzere ndi phazi, kuti obwera m'mbuyo asalowere kumeneko."

"Basi, ntchito waidziwa. Wobwera m'mbuyo amakukhulupirira. Usadzamulozere kumene kulibe kanthu."

Analembanso kapulogalamu kakang'ono kotchedwa Kagalu, konunkhiza cholozera chilichonse kuona ngati fayilo imene chikutchula ilipodi. Zikakhala bwino kankaonetsa zobiriwira, zikaduka kankaonetsa zofiira.

Mu Seputembala mayi Nachisale anamwalira. Kompyuta yawo yakale anaizula kumagetsi, n'kuifunditsa chitenje pakona, kapu yawo ya tiyi n'kuisiya pamwamba pake. Ndiye panali Bizwick Chapola, katswiri wa khodi, wa nsapato zoyera zosakhudza matope. Iyeyo anati mafayilo a Nsungwi ali ngati mulu wa kaunjika, ndipo anawasanja mwatsopano: awa kuwasamutsa, awa kuwasintha mayina, ena kuwaphatikiza. Chilungamo, Nsungwi inayamba kuthamanga. Koma zolozera sanazikhudze. Zinatsala zikuloza kumabwinja. Kagalu kanafiira psuu: zolozera 213 zoduka.

Lolemba bambo Thawale, mkulu wa ofesi, anaima pakati pa chipinda manja m'chiuno.

"Lachisanu 9 koloko kukubwera aphunzitsi makumi atatu kudzaphunzira Nsungwi. Sindingawapatse zinthu zosocheretsa. Kagalu kakadzakhala kakadali kofiira, ndemanga zonse za malemu ndifufuta, tiyambe patsopano."

"Zonse, bwana?" anafunsa Mwandida. Zithunzi za mayi Nachisale analibe, ngakhale kalata. Mawu awo anatsala m'ndemanga momwemo basi, ndipo masiku ena ankazitsegula popanda chifukwa, kungofuna kuwamva akukalipa.

"Zonse. Iwe pitiriza kukonza maphunziro a aphunzitsi aja."

"Ndisiyireni ine, bwana," anatero Bizwick uku akusewera ndi foni. "Kantchito kochepa aka."

Lachiwiri m'mawa, Kagalu biriwiri! Mwandida anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana Bizwick.

"Zonse 213? Tsiku limodzi?"

"Ubongo, sisi," anatero akugogoda pamphumi pake. "Ena tinabadwa nawo."

Mtima wa Mwandida unakana, koma ntchito inali itamupanikiza, ndipo zobiriwira ndi zimene ankafuna. Anabwerera ku ntchito yake.

Tsiku lomwelo anti Esinati, amene amasesa muofesimo, anasowa mopu. Anaiyedzeka pakhomo, kutembenuka kuti atunge madzi, kubwerako palibe. Masana chipisi cha Bizwick, cha nkhuku ndi kabichi, chinasowa patebulo iye atangopita kukasamba m'manja.

"Anti, ngati njala inakuvutani mukanangopempha."

"Iwe, ndili ndi zidzukulu ine. Ndingabe chipisi cha mafuta a dzana?"

Kenaka fungo. Linayamba pang'ono, loti umadzinunkhiza wekha m'khwapa mwakabisira. Pofika 3 koloko linali ngati la ngalande ya kuseri kwa msika wa nsomba, losakanikirana ndi kena kotsekemera, ndipo kotsekemerako ndi kamene kankabweretsa nseru. Bambo Thawale anati ndi khoswe wafera kudenga. Anti Esinati anapukusa mutu.

"Khoswe ndimamudziwa ine, bwana. Uyu si khoswe."

Mawindo onse anatsegula, koma fungo silinatuluke. Ntchentche ndi zimene zinalowa, zazikulu zobiriwira zija za kuchimbudzi, n'kumatera pasikirini, pamilomo ya makapu, pamsuko wa madzi akumwa. Ndiye m'kati mwa kulira kwa ntchentchezo Mwandida anamva kena. Kha. Batani limodzi la kiyibodi. Kenaka zii, nthawi yokwanira munthu kuwerenga mzere umodzi. Kha. Anayang'ana Bizwick, manja ake ali pafoni. Phokosolo linkachokera pakona, pansi pa chitenje. Pamwamba pake kapu ija panalibe.

Lachitatu kunagwa mvula yamawawa tsiku lonse. Mwandida anaweruka 5 koloko, mutu ukuwawa ndi fungo, n'kutsika ndi njira yake ya masiku onse. Pamphambano ya pafupi ndi mlatho panaima mayi wina, chitenje atafunda kumutu mpaka kubisa nkhope. Akabaza, amene amaimbira belu aliyense woima m'mbali mwa msewu, ankangomudutsa ngati mtengo. Galu wina anafika pafupi, n'kubwerera cham'mbuyo mchira pakati pa miyendo.

"Mwanawe, tandilozere."

Mwandida anaima, poti wamkulu akakuitana sungangopitirira. Fungo lija linamumenya kumaso, lomwe lija la kuofesi, koma apa linali lofunda, lochokera pafupi. Anagwetsa maso pansi n'kuona mapazi. Opanda nsapato, otuwa, okwinyika ngati chinangwa chimene chakhalitsa m'madzi, ndipo ntchentche zinali zitaunjikana pakati pa zala. Ntchentche, mvula ikugwa!

"Andiuza kuti ndikaone ku manambala, gawo la kugawa. Ndafika, mulibe kanthu. Andiuza kuti ndikaone ku zilembo. Ndafika, ndi komwe kuja. Ndatopa, mwanawe. Munasamutsira kuti?"

Dzanja linayamba kutuluka m'chitenje. Mwandida sanadikire kuliona. Anatseka mphuno, n'kunena kuti, "Sindikudziwa, mayi," n'kuliyatsa liwiro mpaka kunyumba. Anasamba kawiri, sopo mpaka kutha, koma fungo linali litamukhala pakhosi. Chakudya anachikana. Ndipo chimene chinkamunyansa kwambiri sanali mapazi aja ayi. Anali iye mwini, kuti mawu aja anawazindikira bwinobwino, koma anatseka mphuno n'kuthawa.

Lachinayi fungo linatsika masitepe. Mwini sitolo anakwera kudzadandaula kuti makasitomala akulavula pakhomo. Bambo Thawale anatuluka kukaona kumene aphunzitsi adzagone, ndipo anatuluka mwachangu chokayikitsa. Mwandida anasiya maphunziro aja, n'kutsegula khodi. Anapeza ndemanga ya ziro ija n'kuwerenga cholozera chake.

"Onani fayilo ya zina."

Anatsegula ya kusanja mayina. "Onani fayilo ya zina." Ya masiku a mwezi, zina. Ya zilembo, zina. Zonse 213, malo amodzi.

"Bizwick! Tabwera kuno. Ichi n'chiyani?"

Bizwick anasuzumira n'kuseka. "Aa, mwazitulukira? Kagalu kamangofufuza ngati fayilo ilipo. Ndiye ndinapanga imodzi yopanda kanthu, zonse n'kuzilozetsa komweko. Mphindi zitatu, sisi. Dzina ndinangotengera kabati uyo." Analoza ndi chibwano kabati yachitsulo ya kuseri kwa chitseko, yolembedwa kuti ZINA, mmene ankaponyamo mawaya ndi makiyibodi akufa. "Musandiyang'ane choncho. Ndani amawerenga ndemanga masiku ano?"

"Mayi anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akulambula njira, iwe n'kuzilozetsa zonse kudzala?"

"Si kudzala. Mulibe kanthu m'menemo."

"Tsegula."

Anatsegula uku akumwetulira, koma kumwetulirako kunaumira pamilomo. Fayilo sinali yopanda kanthu. Munali mizere, wina pansi pa unzake, yonse yofanana.

"Ndafika. Mulibe kanthu."
"Ndafika. Mulibe kanthu."

Mwandida anayang'ana nambala ya mzere womaliza: 212.

"Mwalemba ndinu," anatero Bizwick, mawu atachepa ngati a mwana. "Sisi, nenani kuti mwalemba ndinu."

Kha.

Onse awiri manja awo anali poonekera. Pasikirini panabwera mzere wa 213. Kenaka ntchentche zonse zinasiya kulira nthawi imodzi, zii, ndipo m'kabati muja munamveka kanthu kofewa kakugwa, phwa, ngati papaya lakupsa.

Anti Esinati ndi amene analimba mtima. Anamanga mpango kumphuno, n'kukola chitseko cha kabati ndi mtengo wa tsache. Abale inu! Madzi akuda anayamba ndiwo kutuluka, olendera ngati therere, n'kuyenderera pansi mpaka pansapato zoyera zija. Mopu inali m'menemo, itamera chuku chotuwa ngati ubweya. Chipisi cha Lachiwiri chinali chitasungunuka ngati cha chaka chatha, jumbo yake itatupa ndipo ikugwedezeka yokha, chifukwa m'kati munali mphutsi zonenepa zikukwerana. Zina zinkatuluka pakati pa mabatani a makiyibodi akufa n'kumagwera pansi, tho, tho. Ndipo pakati pa zonsezo panakhala kapu ya mayi Nachisale, chilili, yodzaza mpaka pakamwa ndi madzi akuda aja, ngati wina waikonzera mlendo.

Bizwick anasanzira m'bini ya mapepala, kenaka pansapato zake. Anti Esinati anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ubongo uja ndi umenewu?"

Mwandida anabwerera pampando, n'kuika dzanja pamawusi kuti abweze zolozera zonse mmene zinalili Bizwick asanazilozetse ku zina. Bizwick anamugwira mkono.

"Sisi, dikirani. Taganizani kaye. Panopa n'zobiriwira, bwana safufuta kanthu. Mukabweza zifiira, ndipo kwatsala tsiku limodzi. Ndemanga mukuzikondazo muzipha ndinu. Tizisiye mpaka Lachisanu lidutse, ndidzakonza, ndikulumbira."

Ndipo sankanama ayi, apa pokha. Mwandida anakhala kaye, dzanja lili pamawusi. Anaganiza za aphunzitsi makumi atatu, aliyense akuwerenga "onani" ndi mtima wonse n'kukafika m'fayilo imeneyo. Anaganiza za ana a sukulu obwera pambuyo pawo. Anaganiza za mapazi aja.

Anadina. Kagalu psuu, 213.

Bambo Thawale atabwera, mpango kumphuno, anamva zonse ali chiimire pakhomo. Kabati anangoisuzumira kamodzi n'kutembenuka.

"Mawa 9 koloko, Mwandida. Sindinasinthe."

Ndiye inayambika ntchito. Anti Esinati anamuveka Bizwick majumbo m'manja, n'kumupatsa fosholo ndi ndowa.

"Wola. Ndipo usatseke maso, uziona."

Mwandida ankawerenga ndemanga mokweza n'kufunsa. "Gawo la kugawa unalipititsa kuti?"

"Mu fayilo ya masamu," ankayankha Bizwick mutu uli m'kabati, akudzikoka kuti asasanzenso. "Ndinalitcha magawo."

Mwandida n'kutsegula, n'kuwerenga gawolo lonse kuti aone ngati likunenadi zimene mayi ankalozera, chifukwa Kagalu kanali katanamizidwa kale kamodzi. Akakhutira, n'kulemba cholozera chatsopano. Choyamba chitakonzedwa, anasuzumira m'fayilo ya zina. Mizere inali 212. Anangopitiriza. Kwina Bizwick ankaiwala, ndiye ankafufuza m'mbiri ya zosintha, mmene kompyuta imalembamo chimene chasinthidwa ndi amene wachisintha, mpaka kupeza. Kwina gawo limodzi anali atalidula patatu, ndipo cholozera chinafunika kutchula malo onse atatu. Pamene mwini sitolo ankakuwa kuti akutseka geti, 6 koloko, zinali zitatsala 71.

Lachisanu Mwandida anafika kukungocha, chifunga cha kuphiri chitaphimba tauni yonse. Pamphambano paja panalibe munthu, koma pamasitepe a ofesi panali madontho a madzi akuda, sitepe iliyonse, okwera okhaokha. Anawalumpha limodzilimodzi. Anapeza Bizwick atafika kale, atavala patapata, maso ofiira.

Zinatsala makumi asanu. Makumi awiri. Zisanu ndi ziwiri. Fungo linkachepa m'chipinda monse, koma linkasonkhana malo amodzi, kumbuyo kwa mpando wa Mwandida. Nthawi itakwana 8:40 chinatsala chimodzi.

"Onani gawo la masikirini akale," anawerenga. "Lili kuti?"

Bizwick anayankha kuti, "Limenelo ndinalifufuta. Makompyuta ake kulibenso, sisi, ngakhale mayi akanalichotsa. Ingolozani ku gawo la zojambula, n'zoyandikana."

"Zoyandikana?"

Pansi panamveka minibasi ikuima, mawu a anthu ambiri, wina akuseka. Ndipo kumbuyo kwa Mwandida kunamveka dontho likugwa pasimenti. Tho. Mpweya wozizira, wonyowa, unamukhudza pakhosi, ngati wina wawerama kuti awerenge nawo sikirini. Ntchentche imodzi inatera padzanja lake. Anti Esinati anali atayang'ana pansi, akung'ung'udza nyimbo ya kumaliro. Bizwick anali atayang'ana pamwamba pa mutu wa Mwandida, kukamwa kuli yasa, ndipo mpaka lero safuna kunena chimene anaona.

Mwandida sanatembenuke. Sanatsekenso mphuno. Anakumbukira kuti pamphambano otsogola sasonyeza njira yabwino yokha, amatsekanso yolakwika. Anafufuta liwu loti "onani", n'kulemba:

"Gawo la masikirini akale, limene mayi Nachisale ankalozera pano, linachotsedwa mu Okutobala chifukwa makompyuta amenewo sagwiranso ntchito. Silinasamukire kwina kulikonse. Musalifune."

Kenaka ananena mokweza kuti, "Mayi, uku kulibe njira. Tatseka. Kwina konse ndakonza, mukayenda bwino. Pepani ndinakuthawani pamlatho."

Zii.

Kha.

Mzere womaliza m'fayilo ya zina unazimirira. Mwandida anaifufuta fayiloyo, n'kuthamangitsa Kagalu. Biriwiri! Ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamva fungo la penti kuchokera m'sitolo ya pansi, ndipo akuti sanamvepo kununkhira kokoma ngati kumeneko. Pakona, pamwamba pa chitenje, kapu ija inali itabwerera, youma, yoyera.

Bambo Thawale analowa aphunzitsi ali pambuyo. Anayang'ana Kagalu, kenaka anasankha okha zolozera khumi n'kuzitsatira chimodzichimodzi. Chilichonse chinawafikitsa. Anatsokomola pang'ono.

"Ndemanga zikhale," anatero. Basi, mawu awiri okhawo, koma Mwandida anathamangira kubafa kukalira.

Maphunziro anayenda bwino, aphunzitsi ankaseka ndi ndemanga za mayi, ena mpaka kuzikopera m'makope. Ndiye chakumasana, khodi ili pakhoma ndi pulojekita, mphunzitsi wina wa ku Ntcheu anakweza dzanja.

"Pepani, Mwandida ndi fayilo iti? Ndaifufuza sindikuipeza."

Onse anayang'ana pakhoma. Kumapeto kwenikweni kwa fayilo yoyamba kunali ndemanga imene m'mawa kunalibe.

"Mukasochera, onani Mwandida."

Bizwick anakweza manja onse awiri, kusonyeza kuti si iye. M'mbiri ya zosintha munalibe dzina la munthu. Fayilo yotchedwa Mwandida kulibe, sinakhaleko n'kale lomwe. Bambo Thawale anathamangitsanso Kagalu, kawiri, kuti kachigwire cholozera chimenecho. Kagalu biriwiri.

Ndi mmene Nsungwi yafikira kuno, atsikana, ndemanga zake zonse zili momwemo, tikaziwerenga tokha teremu ikubwerayi! Bizwick ntchito akadali nayo, koma chipisi sadya, ndipo akasuntha ngakhale sitepula amalengeza ofesi yonse. Mwandida mzere uja sanaufufute. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi amatsatira zolozera zonse zimene zakhudzidwa dzulo lake, ndi maso ake, osati ndi Kagalu kokha. Ndipo akuti tsiku limene adzasiye ntchito pamenepo, kaya kukwatiwa kutali kaya kukwezedwa, asanatole n'chikwama chomwe, adzayamba wakonza mzere umenewo.

Chimanga chija chapsa. Adye amene mtima ukumulola.